Mmene Mungayezere Ntchito ya Majini m'Ziwalo Zosiyanasiyana za Kanyama Kakang'ono ka m'Gulu la Anyani

Selo la m'chiwindi ndi selo la mu ubongo wa nyama imodzi amakhala ndi DNA yofanana, komabe la m'chiwindi limapanga puloteni ya albumin yochuluka kwambiri pamene la mu ubongo silipanga n'komwe. Chimene chimawasiyanitsa n'chakuti selo lililonse limagwiritsa ntchito majini ena n'kusiya ena ali chikhalire. Jini likamagwira ntchito, selo limakopera malangizo ake kuchoka mu DNA n'kuwaika mu mRNA, ndipo mRNA imeneyo ndi imene imatsogolera kapangidwe ka puloteni. Motero munthu akawerenga kuchuluka kwa mRNA ya jini lililonse m'kachidutswa ka chiwalo, amadziwa majini amene chiwalocho chinkagwiritsa ntchito pa nthawi imene kachidutswako kanadulidwa. Njira imene ambiri amatsatira masiku ano ndi ya RNA-seq, yowerenga RNA ya m'kachidutswa pa makina itadulidwa m'tizigawo ting'onoting'ono tambirimbiri, imene inayamba kufala mu 2008, ndipo ndi imene ndikufotokoza pano.

Pa tinyama ting'onoting'ono ta m'gulu la anyani, tiwiri ndi timene ofufuza amatidziwa bwino. Koyamba ndi lemur wa ku Madagascar wotchedwa Microcebus murinus, kanyama koyenda usiku kamene ndi kachibale ka changa ndipo kamalemera magalamu pafupifupi 60. Kachiwiri ndi marmoset wa kumpoto chakum'mawa kwa Brazil, Callithrix jacchus, amene amalemera magalamu 300 mpaka 400. Tinyama timeneti ndi tachibale chapafupi ndi munthu kuposa mbewa za mu labotale, timabereka msanga poyerekeza ndi anyani akuluakulu, ndipo timakalamba m'zaka zochepa zimene wofufuza mmodzi angathe kuzitsatira. Koma n'tosowa, n'tokwera mtengo kusunga, ndipo ziwalo zake zina n'zazing'ono moti mukalakwitsa kamodzi simukhalanso ndi chotsala chobwerezera. N'chifukwa chake mfundo yanga yaikulu ndi yakuti ubwino wa kafukufuku wotereyu umadalira zimene zachitika makina owerenga asanayatsidwe. Makinawo amawerenga mokhulupirika chilichonse chimene apatsidwa, ndipo kusiyana kulikonse kwa kasamalidwe ka masampulo kumadzaoneka m'zotsatira ngati kusiyana kwa ziwalo.

Musanagwire nyama

Yambani ndi chilolezo, chifukwa chimatenga nthawi yaitali kuposa china chilichonse. Komiti yoona za kasamalidwe ka nyama pamalo anu ogwirira ntchito iyenera kuvomereza ndondomeko yonse, ndipo idzafuna kuona kuti mwatsatira mfundo zitatu zimene William Russell ndi Rex Burch anakhazikitsa mu 1959: kugwiritsa ntchito njira ina ngati ilipo m'malo mwa nyama, kuchepetsa chiwerengero cha nyama, ndiponso kuchepetsa kuvutika kwake. Ngati tizidutswa tidzawoloka malire a dziko, pangano la CITES, loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakuthengo pakati pa mayiko, limatikhudza ngakhale tili tating'ono bwanji. Mitundu yonse ya lemur ili pa mndandanda woyamba wa panganolo, umene uli ndi malamulo okhwima kwambiri, pamene Callithrix jacchus ali pa mndandanda wachiwiri. Palinso pangano la Nagoya, limene linayamba kugwira ntchito mu 2014, lonena za kugawana phindu ndi dziko limene zamoyozo zinachokera, ndipo ku Brazil kafukufuku wa zamoyo za dzikolo amalembetsedwa m'kaundula wa boma wotchedwa SisGen motsatira lamulo la mu 2015.

Njira imene ine ndimaiona kuti ndi yoyenera kwambiri ndi kugwirizana ndi malo amene amaweta kale tinyamati, monga gulu la ma lemur la ku Brunoy m'dziko la France, limene lili pansi pa Muséum national d'Histoire naturelle, n'kutenga ziwalo za nyama imene dokotala wa zinyama waweruza kale kuti iyenera kuphedwa mosapweteka chifukwa cha matenda kapena ukalamba. Umu ndi mmene anachitira ofufuza a ntchito ya Tabula Microcebus, yotsogoleredwa ndi akatswiri a ku Stanford University, amene anawerenga maselo pafupifupi 226,000 ochokera m'ziwalo 27 za ma lemur anayi okha. Njirayi ili ndi vuto lake limene simuyenera kulibisa polemba zotsatira, lakuti nyama yokalamba ndi yodwala siimira nyama yathanzi, ndipo kutupa kapena chotupa chimene inali nacho chimaonekera m'majini a ziwalo zambiri. Pemphani mbiri yonse ya umoyo wa nyama iliyonse, ndipo pemphaninso kuti katswiri aunike kachidutswa ka chiwalo chilichonse pa maikulosikopu.

Nyama zingati? Tizidutswa titatu ta chiwindi chimodzi sitifanana ndi ziwindi zitatu za nyama zitatu, chifukwa titatuto timangokuuzani mmene manja anu akugwirira ntchito, osakuuzani mmene nyama zimasiyanirana. Nyama zitatu ndiye chiwerengero chochepetsetsa chimene masamu angagwire nacho ntchito, ndipo kafukufuku wa ku Dundee wa mu 2016, amene anabwereza kuyeza RNA ya yisiti maulendo 48 pa gulu lililonse, anapeza kuti 6 ndi pamene zotsatira zimayamba kudalirika bwino. Kusiyana kwa chiwindi ndi ubongo n'kwakukulu kwambiri moti nyama zitatu kapena zinayi zingakuonetseni, koma ngati funso lanu ndi la kusiyana kwa mbali ziwiri za ubongo, kapena kwa zazimuna ndi zazikazi, mufunika zambiri. Tengani ziwalo zonse ku nyama iliyonse, kuti chiwindi, impso ndi mtima za nyama imodzi zidzayerekezedwe zokhazokha.

Nthawi ndi nyengo n'zimene anthu ambiri amaiwala. Mu 2018 gulu la Satchidananda Panda linafalitsa zotsatira za anyani 12 a mtundu wa Papio anubis a ku Institute of Primate Research ku Kenya, amene mbali 64 za matupi awo zinatengedwa pa maola osiyanasiyana, motalikirana maola awiri, usana ndi usiku. Anapeza kuti majini opanga mapuloteni oposa 80 pa 100 alionse amakwera ndi kutsika potsatira nthawi ya tsiku m'chiwalo chimodzi kapena zingapo. Choncho tengani ziwalo za nyama zonse pa ola lofanana powerengera kuchokera pamene magetsi a m'khola ayatsidwa, ndipo kumbukirani kuti kwa lemur woyenda usiku, m'mawa ndi nthawi yokagona. Lembaninso nthawi imene nyama inadya komaliza, pakuti chiwindi chimasintha msanga ikadya. Microcebus murinus amasinthanso kwambiri ndi nyengo: masiku akafupika amasunga mafuta kumchira, amatha kutsitsa kutentha kwa thupi n'kugona tulo tofa nato kwa maola ambiri, ndipo machende a yaimuna amafota n'kudzakulanso kangapo nyengo yoswana ikamayandikira. Mafuta, chiwindi ndi machende za nyengo ziwiri zimenezi sizingaikidwe m'gulu limodzi.

Patebulo

RNA imayamba kusintha magazi akangosiya kuyenda. Ina imaphwanyidwa ndi mapuloteni otchedwa RNase, ndipo maselo amene adakali amoyo amayamba kugwiritsa ntchito majini othandiza pa kusowa kwa mpweya. Ntchito ya GTEx, imene inayamba mu 2010 n'kusonkhanitsa masampulo oposa 17,000 a mbali 54 za thupi la munthu, inaonetsa kuti nthawi yodutsa pakati pa imfa ndi kusunga kachidutswa imasiya chizindikiro m'zotsatira, ndipo chizindikirocho chimasiyana chiwalo ndi chiwalo. Pa chifukwa chimenechi machubu onse alembedwe tsiku lisanafike, anthu awiri kapena atatu agawane ntchito, ndipo mmodzi asagwire chiwalo chilichonse koma azingolemba mphindi imene kachidutswa kalikonse kalowa m'chubu.

Ndondomeko ya kadulidwe iikidwe pasadakhale ndipo isasinthe kuchoka pa nyama ina kufika pa ina. Kapamba, chiwalo chimene chimapanga insulin ndi timadzi togaya chakudya, achotsedwe poyamba chifukwa ali ndi RNase wambiri ndipo RNA yake imawonongeka m'mphindi zochepa. Matumbo ndi chifu zitsatire, zitatsukidwa mkati ndi madzi amchere ozizira. Munthu wachiwiri achotse ubongo pa nthawi yomweyo, popeza kutsegula chigaza kumachedwetsa. Ubongo wa lemur ameneyu umalemera magalamu pafupifupi 2 okha, motero mbali zake zimadulidwa pansi pa galasi lokuza zinthu, pa mbale yoikidwa pa ayezi. Mtima, mnofu wa pantchafu ndi khungu zimapirira ndipo zingadikire pang'ono.

Dulani malo amodzimodzi nthawi zonse. Mbali yakunja ya impso ndi mbali yamkati zimagwiritsa ntchito majini osiyana, chipinda chapamwamba cha mtima chimasiyana ndi chapansi, ndipo chiyambi cha matumbo aang'ono sichifanana ndi mapeto ake. Ngati chiwalo n'chaching'ono kwambiri, monga tiziwalo ta adrenal tokhala pamwamba pa impso kapena pituitary wa pansi pa ubongo, katengeni konse mutachotsa mafuta okazungulira. Sinthani lumo ndi mapanisi pa chiwalo chilichonse. Kadontho ka kapamba kotsalira pa chida kangathe kuonekera m'sampulo ya mapapo, chifukwa majini ochepa a kapamba amapanga mRNA yochuluka modabwitsa.

Posunga pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kuumitsa kachidutswa nthawi yomweyo mu nayitulojeni yamadzi, imene imazizira kufika pa -196 °C, kenako n'kukasunga pa -80 °C. Yachiwiri ndi kukamiza m'madzi osungira monga RNAlater, kali kopyapyala kosaposa theka la sentimita kuti madziwo alowe msanga, madziwo akhale ochuluka kasanu kapena kakhumi kuposa kachidutswako, n'kugona usiku umodzi pa 4 °C kasanaumitsidwe. Njira yachiwiriyi imathandiza kumene nayitulojeni sapezeka, koma mafuta ndi fupa sizilowa madzi bwino ndipo zimafuna kuumitsidwa. Ngati n'kotheka gwiritsani ntchito njira imodzi pa ziwalo zonse. Gawani chiwalo chilichonse m'machubu awiri kapena atatu, chifukwa kachidutswa kakasungunuka kamodzi sikabwereranso mwakale, ndipo mwina mawa mudzafuna kuyeza mapuloteni kapena maselo amodziamodzi.

Kutulutsa RNA

Njira yakale ya Piotr Chomczynski ndi Nicoletta Sacchi ya mu 1987, yogwiritsa ntchito guanidinium, phenol ndi chloroform, ndi imene ili m'mankhwala a TRIzol, ndipo mililita imodzi imakwanira mamiligalamu 50 mpaka 100 a chiwalo. Ambiri amaiphatikiza ndi timachubu tosefera ta silika kuti RNA ituluke yoyera. Timachubu wamba timalandira mamiligalamu osaposa 30, ndipo pa tiziwalo tating'ono pali tina timene timapangidwira mamiligalamu 5 kapena kucheperapo. Kachidutswa kasasungunuke kasanalowe m'mankhwala, ndipo kaphwanyidwe mpaka pasatsale chibuluma. Mtima ndi minofu zili ndi ulusi wolimba umene umafuna proteinase K kapena kuphwanya kwa nthawi yaitali, pamene ubongo ndi mafuta zimatseka sefa ngati sizinadutse mu phenol. Pomaliza thirani DNase, puloteni yophwanya DNA, kuti DNA yotsalira isawerengedwe ngati RNA.

Kenako yezani zinthu zitatu. Kuyera kumaoneka pa makina monga NanoDrop, amene amayeza kuwala kumene sampulo yameza pa miyeso ya 230, 260 ndi 280 nm, pamene chiwerengero cha 260 pogawa ndi cha 280 chiyenera kukhala pafupi ndi 2.0, ndipo cha 260 pogawa ndi cha 230 chikatsika kwambiri ndiye kuti mwatsala mchere wa guanidinium kapena phenol. Kuchuluka kumayezedwa bwino ndi Qubit. Uthunthu wa RNA umayezedwa pa Bioanalyzer kapena TapeStation, zimene zimapereka nambala yochokera pa 1 kufika pa 10, ndipo pa njira yosankha mRNA ndi bwino kufuna 7 kapena kuposa. Musataye nambala zimenezi mukamaliza, chifukwa mudzazifuna pa masamu. Ngati masampulo onse a kapamba ali pa 6 ndipo onse a ubongo ali pa 9, mbali ina ya kusiyana kumene mudzaone idzakhala ya kuwonongeka kwa RNA.

RNA yoposa 80 pa 100 iliyonse m'selo ndi ya ma ribosome, timakina ta m'selo topanga mapuloteni, ndipo kuiwerenga n'kutaya ndalama. Mungaichotse posankha mRNA yokhala ndi mchira wa poly-A, njira yotsika mtengo imene imafuna RNA yosaphwanyika ndipo imataya RNA yopanda mchirawo, monga ya majini ambiri a histone. Mungaichotsenso poigwira mwachindunji ndi tizingwe toikola, njira imene imapirira RNA yowonongeka pang'ono. Tizingwe timeneti timapangidwa potsatira munthu, mbewa ndi khoswe, choncho yesani sampulo imodzi kaye kuti muone ngati tikugwira bwino pa lemur, amene makolo ake anasiyana ndi athu zaka zoposa 60 miliyoni zapitazo. Magazi ali ndi vuto lofanana ndi limeneli, pakuti mRNA ya globin, puloteni ya m'maselo ofiira, imadzaza malo ambiri. Njira imene mwasankha ikhale imodzi pa ziwalo zonse.

Kusakaniza masampulo

Pano ndi pamene ndikufuna kuti muimepo nthawi yaitali, chifukwa cholakwa cha pano sichikonzeka ndi pulogalamu iliyonse. Mwachibadwa munthu amafuna kugwira ziwindi zonse Lolemba, impso zonse Lachiwiri ndi ubongo wonse Lachitatu, popeza chiwalo chilichonse chili ndi kaphwanyidwe kake ndipo n'kosavuta kuchita zofanana pamodzi. Koma tsiku lililonse lili ndi botolo lake la mankhwala, kutentha kwake kwa chipinda ndi kutopa kwake kwa manja. Mukachita motero, kusiyana kwa chiwindi ndi impso kumakhala kutamangiriridwa pa kusiyana kwa Lolemba ndi Lachiwiri, ndipo palibe masamu amene angazilekanitse.

Zimenezi zinachitikapo poyera. Mu 2011 gulu la Henrik Kaessmann ku Lausanne linayerekeza ziwalo 6 za mitundu 10 ya zamoyo ndipo linapeza kuti masampulo amaunjikana potsatira chiwalo, kutanthauza kuti chiwindi cha munthu chimafanana kwambiri ndi chiwindi cha mbewa kuposa mmene chimafananira ndi impso ya munthu. Mu 2014 kafukufuku wina anafalitsa zosiyana ndi zimenezi, akuti masampulo a munthu amaunjikana paokha ndipo a mbewa paokha. Chaka chotsatira Yoav Gilad ndi Orna Mizrahi-Man anaunikanso mafayilo a kafukufukuyo, ndipo poona mayina amene makina amalemba pa kachigawo kalikonse kowerengedwa anazindikira kuti masampulo ambiri a munthu ndi a mbewa anawerengedwa pa maulendo osiyana. Atachotsa mphamvu ya maulendowo, masampulo anaunjikana potsatira chiwalo. Mkangano wa tanthauzo la zotsatirazo unapitirira, koma phunziro la kakonzedwe ka ntchito ndi loonekeratu.

Chochita n'chakuti tsiku lililonse lotulutsa RNA likhale ndi ziwalo zosakanikirana za nyama zosakanikirana, zosankhidwa mwamaere. Pokonza ma library, kutanthauza masampulo okonzedwa kuti makina athe kuwawerenga, chitaninso chimodzimodzi, ndipo malo a sampulo iliyonse pa mbale asankhidwenso mwamaere. Sampulo iliyonse ipatsidwe zizindikiro zake ziwiri zimene sizibwerezedwa pa ina, kenako masampulo onse aphatikizidwe pamodzi n'kuwerengedwa pa misewu yonse ya makina, ndiko kuti zigawo za mbale yowerengerapo, kuti msewu uliwonse uone sampulo iliyonse. Zizindikiro ziwirizi n'zofunika kwambiri pa kafukufuku wa ziwalo kuposa pa wina aliyense, chifukwa makina ena a kampani ya Illumina nthawi zina amapereka kachigawo ka sampulo ina kwa inzake. Mu 2020 ofufuza a ku Johns Hopkins University anaonetsa kuti majini a kapamba monga PRSS1 ndi PNLIP ankapezeka pang'ono m'ziwalo zina za GTEx, makamaka m'masampulo amene anawerengedwa tsiku limodzi ndi kapamba. Munthu wosadziwa zimenezi angalembe kuti wapeza jini la kapamba likugwira ntchito m'mtima.

Pa kuchuluka kwa kuwerenga, tizigawo 20 mpaka 30 miliyoni pa sampulo timakwanira kuyeza majini odziwika. Ngati mukufunanso kupeza majini osalembedwa kapena mitundu yosiyana ya mRNA ya jini limodzi, werengani mbali zonse ziwiri za kachigawo, motalikirapo ndi mozamirapo, ndipo sankhani njira yosunga chidziwitso cha chingwe cha DNA chimene RNA inachokera.

Pa kompyuta

Mafayilo akabwera, aunikeni ndi pulogalamu ya FastQC, dulani zotsalira za zolumikizira zimene zinamatidwa pa tizigawo pokonza ma library, kenako ikani tizigawo pa genome ya nyamayo, ndiko kuti mndandanda wa DNA yake yonse, ndi mapulogalamu a STAR kapena HISAT2, kapena muwerenge mwachindunji ndi Salmon kapena kallisto. Genome ya marmoset inafalitsidwa koyamba mu 2014 ndipo yakonzedwanso kangapo, pamene ya Microcebus murinus yotchedwa Mmur_3.0 inatuluka mu 2017. Musagwiritse ntchito genome ya munthu poganiza kuti ndi yathunthu, chifukwa majini amene anasintha msanga, monga a chitetezo cha thupi ndi a kubereka, sadzagwirizana nayo ndipo adzaoneka ngati sakugwira ntchito. Dziwaninso kuti mndandanda wa majini a tinyamati suli wokwanira ngati wa munthu. Majini ena alibe mayina, ndipo mapeto a majini ambiri analembedwa mofupikitsa, zimene zimapweteka kwambiri njira zowerenga kumapeto kwa mRNA kokha. Yerekezani mndandanda wa Ensembl ndi wa NCBI, nkhokwe ziwiri za majini za pa intaneti, sankhani umodzi, ndipo lembani nambala ya mtundu wake.

Musanafunse funso lililonse la sayansi, tsimikizani kuti sampulo iliyonse ndi imene chubu chikunena. Chiwalo chilichonse chili ndi jini lochizindikiritsa: chiwindi chionetse ALB wochuluka, impso UMOD, mapapo SFTPC, chipinda chapamwamba cha mtima NPPA, mnofu ACTA1, machende PRM1, ubongo MBP. Jini la XIST limakuuzani kuti sampulo ndi ya yaikazi, ndipo majini a pa chromosome Y monga DDX3Y amakuuzani kuti ndi ya yaimuna. Pa marmoset samalani, chifukwa nthawi zambiri amabadwa mapasa amene mitsempha yawo ya magazi inalumikizana m'mimba, motero aliyense amakhala ndi maselo a magazi a mnzake moyo wake wonse. Yaimuna imene inabadwa ndi yaikazi ingaonetse XIST m'magazi ndi m'ziwalo zokhala ndi maselo ambiri a magazi popanda kuti machubu asokonekera, ndipo mapasa awiri sayenera kuwerengedwa ngati nyama ziwiri zosagwirizana. Mukatero jambulani chithunzi cha PCA, chimene chimaika sampulo iliyonse ngati dontho pafupi ndi ofanana nayo, n'kuchipaka mitundu potsatira chiwalo, kenako nyama, kenako tsiku logwirira ntchito, kenako nambala ya uthunthu wa RNA. Madontho akaunjikana potsatira tsiku, imani kaye.

Poyerekeza ziwalo, mapulogalamu a edgeR ya mu 2010 ndi DESeq2 ya mu 2014 amafuna manambala osasinthidwa a tizigawo, ndipo muzikumbukira kuika nyama m'ndondomeko ya masamu pamodzi ndi chiwalo. Mapulogalamu onsewa amayamba ndi ganizo lakuti majini ambiri sasintha pakati pa magulu, ganizo limene limagwedezeka mukamayerekeza machende ndi mnofu. Muyeso wa TPM, umene umasonyeza gawo la jini pa mRNA miliyoni imodzi iliyonse, nawonso uli ndi msampha wake. Popeza manambala a sampulo iliyonse amakwana miliyoni imodzi, chiwalo chimene majini ochepa atenga gawo lalikulu, monga kapamba, kapena mtima umene uli ndi RNA yambiri ya mitochondria, chimaonetsa majini ena onse ngati otsika ngakhale sali otsika m'selo. Motero kusiyana kwakung'ono pakati pa ziwalo zotalikirana musakukhulupirire msanga. Komanso mukayesa majini 20,000 pa malire a 0.05, pafupifupi 1,000 angaoneke osiyana mwamwayi chabe, n'chifukwa chake njira ya Benjamini ndi Hochberg ya mu 1995, yochepetsa zotsatira zabodza zoterezi, siyenera kudumphidwa.

Pofuna kudziwa ngati jini ndi la chiwalo chimodzi kapena la thupi lonse, muyeso wa tau umene Itai Yanai ndi anzake anafotokoza mu 2005 ndi wosavuta ndipo ndi wodalirika. Umachokera pa 0, pa jini lofanana paliponse, kufika pa 1, pa jini la chiwalo chimodzi chokha. Koma tau amangodziwa ziwalo zimene mwamupatsa. Mukasiya machende, amene mwa munthu ali ndi majini akeake ambiri kuposa chiwalo china chilichonse, majini ena adzaoneka ngati a ubongo okha, ndipo mukaika mbali 8 za ubongo pambali pa chiwindi chimodzi, majini a ubongo adzaoneka ngati ofala. Phatikizani mbali zoterozo kukhala chiwalo chimodzi musanawerengere.

Kumasulira zimene mwapeza

Kachidutswa ka chiwalo ndi msonkhano wa maselo amitundumitundu, ndipo nambala imene mwapeza ndi ya onse pamodzi. Jini likaoneka lokwera m'mapapo, mwina selo lililonse likuligwiritsa ntchito kwambiri, kapena mapapowo angokhala ndi maselo ambiri a chitetezo amene amaligwiritsa ntchito kulikonse kumene ali. Kwa lemur, mapu a Tabula Microcebus, amene anasiyanitsa mitundu ya maselo yoposa 750, amakuthandizani kuona mtundu wa selo limene jini lanu likuchokera. Pa majini ochepa amene mukufuna kumangapo mfundo, tsimikizani ndi njira ina: qPCR, yoyeza RNA ya jini limodzilimodzi, pa RNA ya nyama zina ngati zilipo, kapena kupaka kachidutswa kopyapyala kuti muone ndi maso malo amene mRNA kapena puloteni ili. Pa qPCR musadalire jini la GAPDH lokha ngati muyezo, chifukwa ndi lokwera kwambiri m'minofu kuposa m'ziwalo zina, ndipo malangizo a MIQE a mu 2009 amafuna kuti majini a muyezo ayesedwe kaye pa masampulo anuwo. Kuchuluka kwa mRNA sikufanana nthawi zonse ndi kuchuluka kwa puloteni, choncho mawu anu asapitirire pamene muyeso wanu wafika.

Mukafuna kuyerekeza ndi munthu kapena mbewa, gwiritsani ntchito majini okhawo amene ali ndi mnzake mmodzi m'mtundu uliwonse, ndipo kumbukirani kuti masampulo a GTEx ndi a anthu akuluakulu amene anamwalira ndi zifukwa zosiyanasiyana, ndipo anatengedwa patapita maola, pamene anu anatengedwa patapita mphindi. Chodalirika kwambiri ndi kufunsa chiwalo chimene jini lakwera kwambiri mkati mwa mtundu uliwonse paokha, kenako n'kuyerekeza mayankhowo.

Mafayilo oyambirira aikeni m'nkhokwe za pa intaneti za GEO ndi SRA za NCBI kapena ku ArrayExpress, pamodzi ndi tebulo lofotokoza sampulo iliyonse: zaka za nyama, ngati ndi yaimuna kapena yaikazi, matenda, nyengo ndi utali wa kuwala m'khola, ola la imfa, mankhwala ogonetsa, mphindi zimene zinadutsa kachidutswa kasanasungidwe, malo enieni amene kanadulidwa, nambala ya uthunthu wa RNA ndi tsiku la gawo lililonse la ntchito. Malangizo a ARRIVE a kalembedwe ka kafukufuku wa nyama, amene anakonzedwanso mu 2020, amakuthandizani kuona chimene mwaiwala. Tizidutswa totsala tikhale pa -80 °C m'mabokosi olembedwa bwino, mndandanda wake usungidwe pamalo awiri, ndipo amene anakupatsani nyamazo alandire kope la mndandandawo ndi la zotsatira, kuti wofufuza wina akadzafunsa za chiwindi cha lemur wokalamba adzalozeredwe ku firiji yanu asanapemphe nyama ina.